Diso Lamanja la Amama

Mayfair, Joni
12 Malichi 2023

Amake Sungeni,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amoyo, inu ndi mwana. Ine thupi lili bwino, koma mutu sukugwira chilankhulireni pafoni Lachiwiri lija. Ndinangoti "chabwino, chabwino" ngati munthu wouma mtima, koma musandione choncho. M'chipinda muno timagonamo anthu asanu ndipo aliyense makutu ali tcheru. Nkhani ya mayi wanga sindingaiyale pamaso pa anthu oti mawa akaseka nayo kuntchito. N'chifukwa chake ndalemba, ndipo ndapatsira Aubrey, thiransipota wonyamula katundu uja, pamodzi ndi kachikwama.

Elube, diso lingazime bwanji ngati babu, munthu ali khale pakhonde akusankha nyemba? Ndadzifunsa mpaka ndatopa. Chiyambire Januwale Amama amadandaula mutu m'mbalimu, ife n'kumati ndi BP. Anasiya kumanga duku, akuti ngakhale chipeso chikuwawa, ife n'kumati ndi ukalamba. Atati nsagwada zikumatopa akamatafuna, ine wanzerune ndinati mukawachotse dzino. Dzino labwinobwino linapita, pomwe matenda ali phee pamalo pake.

Ndibwereze zimene munandiuza kuti ngati ndinamva molakwa mundikonze. Adokotala akuti mitsempha ya magazi yodutsa m'mbali mwa mutu yatupa, magazi sakufika bwino kumaso, ndipo diso lamanzere lapita, silibwereranso. Akuti matendawa amakonda anthu okalamba kwambiri ndipo akatenga diso limodzi amathamangira linzake. Chowatchinga ndi mapiritsi aja a puredinisoloni, khumi ndi awiri m'mawa uliwonse akatha kumwa phala. Khumi ndi awiri! Munthu wa zaka 87, woonda ngati Amama, amulowa pati? Ndipo akutinso mankhwala omwewo angathe kukweza shuga, kufewetsa mafupa, kusowetsa tulo, komanso kuti munthu akawasiya mwadzidzidzi angathe kugwa. Ndiye kuti tathawa mvula n'kukabisala mumtsinje. Komabe amwe. Musadumphitse tsiku, ndipo pochepetsa achepetse ndi adokotala okha.

Diso lamanjalo mulisamale kuposa nyumba, kuposa ine amene. Papita zaka zisanu ndi chimodzi lisanandione. Ndi diso lomwelo limene linandiphunzitsa kulowetsa ulusi pasingano ndili mwana, pamakina awo apamanja aja, ndipo mpaka lero palibe chimene ndinasokapo choti Amama n'kuchiyamikira osapezapo chilema. M'kachikwamamo muli bulauzi yoyera ya Umanyano imene ndawasokera pa makina a abwana. Avale popita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi.

Alandilodi muwauze adikire kumapeto kwa mwezi, sitinathawepo ndi lendi yawo. Sungeni asajombe kusukulu chifukwa cha matendawa.

Ndine mwamuna wanu,
Zebedee


Mayfair
9 Epulo 2023

Amake Sungeni,

Moni nonse pakhomopo. Ine ndadzuka, kaya inu.

Chithunzi chimene munatumiza chija ndinachiyang'ana kawiri ndisanadziwe kuti ndi mayi wanga. Ndinatsala pang'ono kufunsa kuti mlendo wonenepayu wachokera kuti. Masaya aja awatenga kuti? Mukuti akumaliza buledi wa Sungeni, akufunsa mazira, ndipo tambala asanalire amakhala atasesa kale bwalo lathu ndi la aneba. Ndagwira pakamwa. Adokotala ananeneratu kuti zidzatero, ndiye musanyengeke n'kumati achira. Kunenepako ndi kwa mankhwala. Zakuda zimene zikutuluka pamikono ngati munthu womenyedwa mukawaonetse, ndipo shuga akayezetse monga anakuuzani. Pabafa paja pamaterera, muikepo thumba.

Koma uthenga wawo wa mawu uja! Ndaumvera mpaka anzanga aloweza. Akuti msoko wa kukhwapa kwamanzere wakhota, ndinasoka ndikuodzera kapena? Akuti zaka zonsezi ku Joni ndikungodya ndalama za mwenye. Ndinaseka mpaka misozi, Elube. Diso limodzi lomwelo lapeza chimene abwana Abdullah ndi magalasi awo sanachione. Likadali lakuthwa, tithokoze Mulungu.

Tsopano za mankhwala. Munati kuchipatala atha ndipo kufamase mtengo wake ndi wosayamba. Ndinaonetsa abwana chithunzi cha pepala la adokotala, iwo anapita nacho kwa mlamu wawo amenenso ndi dokotala. Anawerenga, anafunsa zaka za Amama, anapukusa mutu, koma analemba. Ndagula okwanira miyezi itatu, ndipo ali m'chikwama chachikulu, pakati pa mabulangete.

M'chikwamamo mulinso mafuta ophikira, sopo, shuga, mpunga ndi nsapato za Sungeni. Katunduyo mugawe monga mwa nthawi zonse. Muyale mkeka, mukhuthule zonse, Amama agawe okha. Mukudziwa kuti chiyambire nthawi imene malemu bambo anali kumigodi, katundu wa ku Joni salowa m'nyumba mwathu aneba asanalaweko. Musawalande udindo umenewo poti akudwala, ungawapweteke mtima kuposa mutuwo. Mayi Asiyatu a kuseri kwa mpanda musawaiwale, ndi amene amakhala nawo inu mukapita kumsika.

Masiku ano ndikugona kushopu, pansi pa tebulo lodulira makatani. Kumene timakhala kuja kukumabwera anthu ena ofunsa mapepala khomo ndi khomo. Si nkhani yoti muidandaule, ndipo Amama musawauze.

Wanu,
Zebedee


Mayfair
21 Meyi 2023

Amake Sungeni,

Ndalandira moni wanu kudzera kwa Aubrey, ndi ufa womwe. Zikomo. Ine ndilipo, chala chokha ndi chimene chinakumana ndi singano ya makina, koma chikupola.

Zimene mwandiuzazi zandiimitsa mutu. Mutu wayambiranso bwanji munthu akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku? Mukuti duku aisiyanso, nyama akuikankhira pambali, masaya aja akuphwa. Mukuti adokotala anali atayamba kuchepetsa mapiritsi, tsopano awabwezera pa khumi ndi awiri, ndipo nawonso akudabwa poti magazi akuonetsa ngati munthu sakulandira chilichonse. Nanga mankhwalawo akupita kuti, akutuluka ndi thukuta?

Ndakufunsani pafoni, ndikufunsaninso pano. Mukuti m'mawa musanakwere minibasi yopita kukaunjika mumawawerengera pakambale, pambali pa phala, ndipo madzulo kambale mumakapeza kopanda kanthu. Chabwino. Ndiye ine ndinaganiza kuti mwina andigulitsa ufa wa chinangwa. Ndinapita kufamase kumene ndinawagula kuja ndi bokosi lopanda kanthu limene ndinasunga, ndinalankhula Chingerezi chonse chimene ndili nacho, mpaka mlonda anandigwira phewa. Mayi wa pamenepo anandionetsa zidindo ndi madeti, akuti mankhwala ndi enieni. Ndinatuluka ndi manyazi, komanso munthu wopanda mapepala sayenera kukweza mawu pagulu. Ndinaiwala.

Chimene chandisangalatsako ndi chithunzi cha pakhonde chija. Sindinadziwe kuti Area 23 yonse imakonda mayi wanga chotere. Mukuti sipadutsa tsiku opanda alendo, ena ochokera ku Kawale ndi ku Chilinde, amayi a Umanyano okalamba okhaokha. Koma mukuwaphikira chiyani anthu amenewa? Onse masaya ali phwii ngati ana a sikelo. NyaMwalwanda amene ndinawasiya akuyenda ndi ndodo, pachithunzipo aima okha manja ali m'chiuno. Ndipo mukuti mayi Asiyatu, a nyamakazi aja, akusenza okha ndowa kuchokera kumpopi. Pakati pa onsewo woonda ndi mwini khonde yekha. Muchepetseko tiyi wa alendo, shuga ndinatumizira odwala.

Akangoti diso likuchita chifunga, kapena akuona zinthu ziwiriziwiri, musadikire kuti kuche kapena kuti mundipeze pafoni. Tengani galimoto iliyonse, za mtengo tidzakambirana pambuyo.

Ndine,
Zebedee


Mayfair
11 Juni 2023

Elube,

Moni ndapereka, koma za umoyo wanga musafunse lero.

Ndakhala pansi kuti ndilembe zimene munandiuza, mwina ndikaziona papepala ndizikhulupirira. Mayi Asiyatu anakomoka kumpopi. Kuchipatala anapeza shuga atakwera moopsa, ndipo namwino poona nkhope yotupayo anafunsa kuti akumwa chiyani. Iwo anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa mapiritsi a Amama. Mapiritsi anga, amene ndinagula ndikugona pansi pa tebulo.

Ndiye kuti chifikireni chikwama chija, inu mukangotuluka pageti, Amama amamwa awiri okha, enawo n'kumanga pachitenje. Alendo aja sankabwerera tiyi. Mbiri inamveka mpaka ku Kawale kuti kwa nyaLuhanga, amake Zebedee, kuli mankhwala a ku Joni ochotsa nyamakazi, opatsa chilakolako cha chakudya, obwezera munthu thupi. Wa mawondo awiri, wa msana awiri, wa chifuwa awiri. Ine n'kumaseka masaya awo pachithunzi, osadziwa kuti ndikuyang'ana diso la mayi wanga likugawidwa pakhonde.

Amama ndinawaimbira. Ndinalankhula mokweza, zimene sindinachitepo kwa iwo chibadwire. Anandisiya mpaka ndinathedwa mpweya, kenaka anati: "Zebedee, a kuchipatala aja ndinkamwa onse, poti anali a boma, anandilembera ine. Koma awa anatuluka m'chikwama chako, pamkeka, anthu akuona. Katundu wa ku Joni ndinayamba ndadyapo ndekha liti? Ndimeze khumi ndi awiri, mnzanga atakhala pompo akulira mawondo?"

Ndinati Amama, amenewo si sopo. Anati iwo mutu unali utaleka, ndiye anaona kuti awiri akukwana, ndipo pamene unayambiranso anachita manyazi kubweza anthu amene anazolowera kale. Akuti kupatsa n'kuika. Amene analemba kuti muyale mkeka, agawe okha, ndi ine. Amene anaika mankhwala pakati pa mabulangete ogawa ndi ine.

Ndipo pomaliza ndi pamene anandiuza, ngati nkhani yaing'ono, kuti kuyambira Lachisanu diso lamanja likumachita ngati muli utsi, kenaka n'kuyera. Lachisanu! Inu anakubisirani poopa kuti muwakalipira. N'chifukwa chake ndinakuimbirani ndikukuwa kuti musiye kaunjika pomwepo muthamange nawo. Mwachita bwino kuti awagoneka ndipo ayamba kuwapatsa mankhwala a m'diripi. Adokotala akuti ayesetsa. Mawu amenewo sindikuwakonda.

Pali china chofulumira. Amayi onse aja amene ankalandira asangosiya okha, adokotala akuti n'zoopsa kwa munthu amene wamwa masabata ambiri. Pitani kwa amayi busa, atchule mumsonkhano, aliyense apite kuchipatala akanene chilungamo kuti wamwa angati, kuyambira liti. Manyazi awasiye kunyumba. Kwa ana a mayi Asiyatu mupite ndi mkulu wa mpingo, musapite nokha, ndamva kuti akulankhula zambiri. Muwapepese m'dzina langa.

Amama akatuluka m'chipatala, mapiritsi muziwapatsa m'manja mwanu, muime pomwepo mpaka ameze, atsegule pakamwa muone. Akwiye, akwiye.

Zebedee


Mayfair
2 Julayi 2023

Amake Sungeni,

Ndikupatsani moni inu ndi mwana, ndi Amama ngati angaulandire. Ine ndikudzuka, ndikupita kumakina, ndikubwerako.

Ndamva. Musavutike kundifotokozeranso mofewetsa, Sungeni anandiuza mosazungulira mmene ana amanenera, kuti agogo anafunsa chifukwa chake magetsi sanayake pomwe kunja dzuwa lili pamutu. Ndinali nditagwira katani la kasitomala, ndinalidula pakati osadziwa. Abwana Abdullah anayamba kukalipa, atandiyang'ana kumaso anangotenga sizasi m'manja mwanga n'kundiuza kuti ndikakhale panja.

Sindikumvetsabe. Mankhwala analipo, Elube. Sikuti anasowa, sikuti tinachedwa kudziwa matenda ngati poyamba paja. Anali m'nyumba, m'chitenje chawo chomwe, pathupi pawo. Anthu amachita khungu chifukwa chosowa, mayi wanga wachita khungu mankhwala ali pamfundo.

Mawu amene ndinakuyankhulani tsiku lija, oti mukanakhala mwana wawo weniweni mukanaima n'kuona akumeza, ndawabweza. Munawasambitsa ndinu, munagona pansi kuchipatala ndinu, ine ndili kuno kutumiza mabulangete. Pepani.

Mukuti adokotala anena kuti mapiritsi apitirizebe ngakhale maso apita, poti mitsempha yotupayo ingathe kuwononganso zina, ndipo azichepetsa pang'onopang'ono mwina mpaka chaka chamawa. Ndiye kuti shuga, mafupa ndi kusowa tulo zikhalapobe, koma chimene tinkalipirira zonsezi palibe. Chabwino, amwe. Tsopano poti saona, kugwa ndiye kwayandikira, ndipo mafupa awo ndi ofewa. Mangani chingwe kuchokera pakhomo lawo mpaka kuchimbudzi, chofika m'chiuno. Mbaula isamakhale panjira. Mipando ikhale malo amodzimodzi, Sungeni asamaisunthe.

Zoti mayi Asiyatu atuluka ndipo tsiku lomwelo anabwera kudzakhala nawo pakhonde, ana awo akuletsa, zandikhudza. Muwathokoze. NyaMwalwanda mukuti abwerera ku ndodo yawo koma ali moyo. Enawo sanabwerenso, eti? Khonde lija layera.

Koma chimene chikundiopsa kuposa zonse ndi ichi mukunenachi, choti sakulankhula. Mukawapatsa mapiritsi akumeza onse, n'kutsegula pakamwa okha musanawauze. Phala likapsereza sakunena kanthu. Sungeni akalowa ndi nsapato m'nyumba sakunena kanthu. Ine pafoni ndinayesa dala kuwauza kuti masiku ano ndimasoka osayamba ndachita tcheki muyeso, anangoti, "Chabwino, mwana wanga." Mayi wanga sananenepo chabwino kwa ine. Amene uja si iwo, ndipo ndili ndi mantha.

Wanu,
Zebedee


Mayfair
30 Julayi 2023

Amake Sungeni,

Moni kwa nonse. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Ndikubwera. Ndauza kale abwana kuti ndimaliza maoda a makatani amene ndinalandira, ndipo pakati pa Ogasiti ndikwera basi. Ndikudziwa zimene munene, ndiye ndiyankhiretu. Inde, masiku anga papasipoti anatha kalekale, ndipo paboda akandidinda chidindo choti ndisabwerenso kuno kwa zaka. Ndi chimene chinkandimanga miyendo nthawi yonseyi, lero ndakuuzani. Ndinkati ndidikire mapepala akonzeke, ndidzapite ngati munthu, Amama adzandione nditavala jekete. Ndadikira mpaka palibenso wondiona.

Za lendi ndi sukulu ya Sungeni musade nazo nkhawa kwambiri. Abwana andigulitsa makina amodzi akale pamtengo wachibale, Aubrey abwera nawo pangolo yake ulendo wamawa. Mufunse kwa alandilodi ngati angalole kuti ndiike tebulo pakhonde. Anthu a mu 23 nawonso ali ndi mawindo, adzafuna makatani. Ndipo ndikakhala pakhondepo, mapiritsi ndidzawapatsa ndine, inu muzipita kumsika mtima uli m'malo.

Chikwama chimene chabwera ndi kalatayi n'chaching'ono. Muyale mkeka monga kale. Muwakhazike pakati, muziwapatsa chinthu chimodzichimodzi m'manja, anene okha kuti ichi n'cha uje. Sopo wa mayi Asiyatu alimo. Mankhwala mulibemo, ndawapatsira Aubrey padera, m'thumba la malaya ake, ndipo apereka kwa inu nokha kuseri kwa nyumba.

Pansi penipeni pali pepala la khaki, mmenemo muli bulauzi ina yoyera. Imeneyo si yogawa. Ndaisoka ndi mtima wanga wonse, mikono, mabatani, mpendero, zonse zili mwa ndondomeko moti ngakhale Amama a kale sakanapezapo ponena. Koma pakolala, mbali ya kumanja, msoko ndaukhotetsa dala. Ndaukhotetsa kwambiri, moti mwana wa sitandade wani angachite nawo manyazi, ndipo ulusi ndausiya ndi mfundo yotuluka kunja. Abwana ataiona anafuna kuimasula, ndinachita kuwalanda.

Inu musakonze, ndipo musawauze kanthu. Sungeninso mumutsine asatsegule pakamwa. Ingoiikani pamiyendo pawo, munene kuti yachokera kwa Zebedee, muwasiye. Ndikuwadziwa, sangavale chinthu asanachiyendetse zala msoko uliwonse, ndipo amayambira kumpendero kukwera m'mwamba, ndiye mupirire, kukolala adzafikako mochedwa.

Akakhala chete, mundiuze, ndidziwe chimene ndikubwerera. Koma akaupeza, mundiimbire pompo, ngakhale ndili pamakina, ngakhale ndili paboda. Muwaikire foni pakamwa, ndipo musadule mpaka atamaliza kundinyoza.

Ndine mwamuna wanu,
Zebedee